Tibelu ta Kuseri kwa Malata

Anthu a mumsewu umenewo ankati Anazale ali ndi dzanja. Ena ankachita kuwonjezera kuti mayi amenewo atati azike mpini wa tsache m'dothi, m'mawa mwake mungaupeze utaphuka masamba, ndipo eni akewo akamva zimenezi sankatsutsa ayi, ankangoseka n'kupitiriza kuthirira. Dzina lawo lenileni linatayika kalekale. Chiyambireni kugulitsa mbande ndi maluwa m'mphepete mwa msewu, pakati pa malo otsukira magalimoto ndi kashopu ka bambo wowotcherera zitsulo, aliyense ankangoti Anazale, ngakhale mlongo wawo weniweni akakhala pagulu.

Nazaleyo sinali yaikulu. Panali chisakasa cha ukonde wobiriwira, migolo ya madzi, mulu wa dothi lakuda, mulu wa manyowa, ndi mizere yowongoka bwino ya machubu apulasitiki obzalamo mbande. Chimene simukanachipeza pamenepo ndi udzu. Kaudzu kakangosuzumira m'chubu, Anazale ankakazula uku akukambirana ndi kasitomala, osayang'ana n'komwe. Ankati udzu ndi mbava, umadya za eni osalima, ndipo munthu wa nazale amene amaulekerera angosiya ntchitoyo akagulitse makala.

Koma panali duwa limodzi limene linkawakana, ndipo n'limene ankalikonda kuposa onse. Linkamera lokha pakamtunda kamiyala kuseri kwa nazaleyo. Kanali kambewu kosafika n'komwe m'bondo, ka masamba owonda, kosaoneka pakati pa udzu mpaka mvula yoyamba itagwa. Ikagwa kankatulutsa timaluwa tofiirira tolendewera chozondoka, n'chifukwa chake anthu akale a mumsewumo anakatcha kabelu. Anazale atangofika kumene m'tauniyo ali mtsikana, mtunda wonse kuyambira kumsewu mpaka kunjanji unkafiirira ndi tibelu, moti anthu ankatiponda popita kuntchito osaganizako kanthu. Kenako kunabwera malo omwetsera mafuta, n'kudya mbali ya kumunsi. Kunabwera nyumba zosungiramo katundu, kunabwera bwalo loimikapo malole, aliyense n'kuluma pake. Chimene chinatsala ndi kadera kongofanana ndi bwalo la pakhomo, pamene miyala inali yambiri moti omanga ankapazemba. Anazale anafunsapo madalaivala oyenda kutali, anafunsa ogulitsa maluwa anzawo, ngati anakaonako kwina kambewuka. Onse ankapukusa mitu.

Anayesapo kufesa njere zake. Zinkamera ndithu, n'kutulutsa timasamba tiwiri, n'kuima pomwepo ngati mwana amene wakana kukula, kenako n'kuuma. Zinkawawawa zimenezi, poti munthu wa dzanja salephera, ndipo ankangoti vuto ndi njerezo.

Chakumapeto kwa dzinja lapitalo, panaima galimoto ya mayi wina wovala chipewa chachikulu, amene ankafuna mbande ya ndimu. Ataona kanthambi ka kabelu m'kapu pathebulo anaiwala za ndimuyo. Anapempha kuti amuonetse kumene kanachokera, ndipo atafika pakamtundapo anagwada pamiyala mpaka dzuwa linawawa. Anati amagwira ntchito ku ofesi yoona zachilengedwe, ndipo kambewuka kwina konse kumene ankakadziwa kanatha, mwina apa ndi pokhapo pamene patsala. Analonjeza kuti adzabweranso ndi anzake maluwa akadzatulukanso, chifukwa popanda duwa sangathe kusiyanitsa bwino kabelu ndi udzu. Anasiya nambala ya foni, imene Anazale anaisunga pa dzina lakuti Chipewa.

"Maluwawa musawakhudze, mayi," anatero pokwera galimoto. "Asiyeni momwe alilimu."

Anazale anavomera, ngakhale kuti mumtima zinawanyansa pang'ono kuuzidwa za maluwa ndi munthu wa manja osalala. Chilimwe chonse chinatha Mayi Chipewa osaonekanso. Iwo sanadabwe. Malonjezo a anthu a m'maofesi ankawadziwa.

Amene anaoneka ndi ena. M'mawa wina kunabwera lole yodzaza malata ndi mitengo, ndipo pofika madzulo mtunda wonse wotsalawo unali m'kati mwa mpanda, tibelu tomwe. Kampani ina inali itagula malowo kuti iwonjezere nyumba zosungiramo katundu. Chimene chinawatseka pakamwa Anazale n'chakuti mlongo wawo wamng'ono, amene anakhala nthawi yaitali ali pakhomo, mkazi ndi ana akumuyang'ana m'maso, analembedwa ntchito komweko yoyendetsa katapila. Akanadandaula bwanji? Chibale ndi fupa, sichiola. Anamuyamikira, n'kumupatsa mbande ya mapeyala kuti akabzale pakhomo.

Katapila uja anayamba kumunsi. Tsiku ndi tsiku ankakankha dothi, zitsa ndi miyala, fumbi n'kumagwera pamasamba a mbande moti Anazale ankachita kuwatsuka ndi keni yothirira madzulo alionse. Phokoso linkayandikira, migolo ya madzi n'kumanjenjemera. Iwo anapeza mpata pakati pa malata awiri osakumana bwino, ndipo ankati akathirira mzere umodzi, n'kupita kukasuzumira. Ndiye tsiku lina phokoso lija linangoti zii. Atasuzumira anaona kuti kadera kamiyala kaja akazunguliza zikhomo ndi chingwe chofiira, ndipo katapila waima m'mphepete mwa chingwecho, chitsulo chake chokankhira chili pansi, atayang'ana kumiyalako.

Anakhala choncho masabata. Ntchito inkachitika kwina konse, kukumba maziko, kuthira konkire, koma madzulo alionse katapila ankabwerera kudzagona pamalo omwewo. Atamufunsa mlongo wawo chifukwa chake, anangoti mabwana akuti adikire, za mabwana iye sazidziwa. Kudikirako kunkawasowetsa mtendere Anazale kuposa phokoso lija.

M'masiku amenewo m'pamene kapitawo wa kampaniyo anayamba kubwera kunazale. Anali munthu wowonda, wolankhula motsitsa, wa nsapato zoyera nthawi zonse ngakhale kuti ankachokera m'fumbi. Ankati akufuna maluwa okongoletsa pakhomo la ofesi yawo. Sankanenerera mtengo, ndipo munthu wosanenerera mtengo Anazale ankayamba amuyang'ana kawiri. Koma anali ndi pakamwa pokoma. Ankayenda m'mizere ya machubu manja ali kumbuyo, akuyamikira kuti sanaonepo nazale yaukhondo chotere, ndipo tsiku lina anafunsa ngati zili zoona zimene anthu amanena, kuti palibe chimene chimawakanika mayiwa.

"Ngakhale tija ta kuseri tija?" anafunsa, akuloza ndi chibwano kumalata.

Anazale anayankha kuti njere zake n'zovuta, koma kambewu kathunthu, kokumba ndi mizu yake bwinobwino, sikangawakane. Kapitawo anagwedeza mutu nthawi yaitali, ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene amauyembekezera. Atachoka, wowotcherera zitsulo anakweza galasi lake lakumaso n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anazale anamuuza kuti asamale zitsulo zakezo, nsanje ingamutenthe.

Mvula yoyamba inagwa. Posakhalitsa, kudzera pampata uja, anaona timadontho tofiirira pakati pa udzu ndi miyala. Mtima wawo unadumpha monga unkachitira chaka ndi chaka, koma ulendo uno chimwemwecho chinali ndi mantha m'kati, chifukwa kumbuyo kwa timaluwato kunali chitsulo chija.

Lachisanu masana mlongo wawo anabwera kunazale, n'kukhala pachidebe chovundikira. Anamupatsa tiyi ndi buledi. Anadya mwakachetechete, maso ali pansapato zake, zimene sizinali khalidwe lake, poti anali munthu wa nthabwala moti ankatha kumuseketsa munthu ali pamaliro.

"Achemwali," anatero pomaliza, "Lolemba tikukankha paja."

Mlongoyo anapitiriza mofulumira ngati mwana wolakatula zimene waloweza. Anati akapitawo amva chisoni, poti akudziwa mmene achemwali amawakondera maluwawo. Lamulungu geti likhala lotsekula, mlonda amupatsa tchuthi, wilibala ya kampani ikhala pomwepo, ndipo akafuna machubu owonjezera awatumizira. Akumbe onse amene angathe. Atatha kunena anaimirira, n'kusiya tiyi wosatha.

Anazale anaimbira Chipewa. Foniyo sinkapezeka. Anaimbanso madzulo, anaimba m'mawa mwake, chimodzimodzi. Anafufuza nambala ya kuofesiko, ndipo amene anayankha anati mayiwo anapita kutali kukagwira ntchito, abwera sabata yamawa, ngati pali uthenga ausiye. Sabata yamawa! Anazale anadula foni ali ndi ukali. Mawu aja akuti musawakhudze ankawakumbukira bwino, koma amene anawanenayo ali kuti? Iye akadzafika ndi chipewa chakecho adzapeza konkire. Zengerezu adalinda kwawukwawu, anadziuza choncho, ndipo Loweruka lonse anakhalira kusefa dothi lakuda, kusakaniza ndi manyowa ofuka bwino ndi mchenga pang'ono, n'kumadzaza m'machubu. Dothi limenelo sankalipereka kwa mbewu wamba.

Lamulungu m'mawa geti linali lotsekula monga ananenera. M'kati munali zii. Wilibala inali itatsamira mpanda, ndipo m'menemo munali mpukutu wa machubu atsopano ndi chitsulo chosongoka chokumbira, zimene sanapemphe n'komwe. Anadutsa pafupi ndi katapila, amene ankanunkha mafuta ndi dothi lonyowa, n'kudumpha chingwe chofiira chija.

Sanathamangire kukumba. Anayamba aima kaye, akuyang'ana. Tibelu tinali tochepa kuposa chaka chatha, koma tinali tokongola mochititsa chisoni, tikugwedezeka pang'ono ndi kamphepo, njuchi zazing'ono zakuda zikulowa chozondoka m'timaluwamo. Anazale analankhula nato monga ankachitira ndi mbande zawo, kuti tisaope, tikupita pabwino, kumene kuli madzi ndi chakudya, osati pamiyala pano pokhala ngati ana amasiye.

Ntchitoyo inali yowawa. Mizu inkalowa m'ming'alu ya miyala, ndipo ankachita kutsegula ndi chitsulo, n'kulowetsa zala mpaka zikhadabo zinathyoka. Chimene chinawakwiyitsa kwambiri ndi udzu. Kabelu kalikonse kanali kolukanalukana ndi mtundu umodzi wa udzu wolimba, wa masamba okanda, moti mizu ya ziwirizi inali yogwirana ngati inachita kusokedwa. N'chifukwa chake timbewuti sitinenepa, anaganiza choncho. Ankati akakumba kamodzi, n'kukhala pamwala, n'kuyamba kulekanitsa muzu ndi muzu modekha, pena ndi nsonga ya mpeni, mpaka kabeluko katsale koyera, kopanda ngakhale kaulusi kamodzi ka udzu. Akatero ankakaika m'chubu, kutsendera dothi ndi zala zazikulu, kudontheza madzi. Munthu wina akanangozula ndi chibuma chonse n'kuponya m'wilibala, koma iwo sanali munthu wina.

Dzuwa litafika pamutu anamva chitseko cha galimoto. Kapitawo anali ataima kunja kwa chingwe, atavala zakutchalitchi. Anati amangodutsa, anafuna aone ngati zonse zili bwino. Anatulutsa foni n'kupempha kuti awajambule, akaonetse mabwana mmene mayi wa mtima wabwino wapulumutsira maluwa. Anazale anadzikonza mpango, n'kunyamula chubu chimodzi m'mwamba, akumwetulira. Anawajambulanso akukumba, anajambula wilibala, anajambula maenje. Chingwe chija sanachidumphe ngakhale kamodzi.

Atatopa, msana utakana, Anazale anati basi, otsalawo ndi ang'onoang'ono, mwina ena abisala. Kapitawo anayenda m'mbali mwa chingwe, akuyang'anitsitsa pansi.

"Kuseri kwa mwala uwo kwatsala kena," anatero mofatsa. "Ndi apo. Musasiye ngakhale kamodzi, mayi, kangafe."

Panali chinachake m'mawu amenewo chimene chinawakayikitsa. Koma anali atafika kale patali. Anakumba kotsalako, anakumba ndi kenako, kapitawo akuloza, mpaka pakamtunda ponse panatsala maenje ndi udzu wokhawokha. Pokankha wilibala yomaliza anamumva akutseka geti kumbuyo kwawo.

Lolemba anafika kunazale m'mamawa, makutu ali kumpanda. Katapila sanalire. Anasuzumira pampata paja: anali pomwe paja, chitsulo chili pansi. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Mlongo wawo sanabwere kudzamwa tiyi, ndipo foni yake inkangoitana. Ngati ankafuna kukankha Lolemba, akudikiranso chiyani? Funsoli linkawazungulira m'mutu uku akuthirira, ndipo sankafuna kuliyankha.

Tibelu anatiika pamalo aulemu, pakati pa chisakasa, pamene dzuwa limafika losefedwa. Poyamba tinaima bwino. Kenako timaluwa tinayamba kugwa, kamodzikamodzi, tisanafote n'komwe. Masamba analendewera. Anazale anachepetsa madzi, kenako anawonjezera. Anasuntha machubu ena kupita padzuwa, ena pamthunzi. Anakhuthula chubu chimodzi kuti aone mizu: sinali yowola, sinali ndi mbozi, inangokhala m'dothi labwinolo osagwira kanthu, ngati mlendo amene wakana chakudya. Makasitomala ankabwera iwo n'kumawayankha mosaganizira, ndipo wowotcherera zitsulo, amene akanatha kuwaseka, ankangowayang'ana n'kutsitsa galasi lake.

Chapakati pa sabata, cha m'mawa, anaona galimoto ya Mayi Chipewa ikudutsa osaima, muli anthu ena awiri, n'kukhotera kugeti la kampani. Anathamangira pampata paja. Anaona kapitawo akuwalandira ndi manja awiri, akuwatsogolera kuchingwe chofiira. Anaona Mayi Chipewa ataima chilili, kenako akuyenda kuchoka pa dzenje ili kupita pa dzenje ilo, anzake aja akugwada n'kumapatula udzu ndi manja. Anaona kapitawo akutulutsa foni n'kuwaonetsa, chala chikusuntha pang'onopang'ono. Anazale anabwerera kukakhala pachidebe.

Mayi Chipewa anabwera yekha, wapansi. Sanapereke moni. Analowa m'chisakasa, n'kuima pamaso pa mizere ya tibelu, n'kuvula chipewa chija. Popanda chipewa ankaoneka wamkulu ndi wotopa. Anazale anayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana, kuti anaimba foni, anaimba kangapo, kuti anauzidwa za Lolemba, kuti akanatani.

Mayiyo anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anafotokoza, mosakweza mawu, zimene Anazale akanakonda kuti akanawakalipira. Chingwe chofiira chija anachiikitsa ndi iyeyo. Chibwerereni tsiku lija analimbana ndi nkhaniyo kuofesi mpaka kampani inaletsedwa kukhudza kaderako kufikira iye ndi anzake atabwera kudzaona maluwa. Akanawapeza ali m'nthaka, malowo akanatetezedwa, ndipo kampani ikanazula ngakhale kabelu kamodzi ikanalowa m'madzi. Palibe katapila amene akanakwera pamenepo Lolemba. Anati dzulo kapitawo anachita kuimba yekha foni, kuwapempha kuti afulumire, poti pamalopo palibenso choteteza, mayi wina wogulitsa maluwa anakumba onse.

"Ndinalakwa ine osakuuzani za chingwecho," anatero. "Ndinkaona ngati ndakuuzani zokwanira."

Anazale analoza machubu. Anati maluwawo alipo, si awa, onse, palibe limene linatayika, angofooka ndi ulendo, adzuka. Mayi Chipewa anatola chubu chimodzi, n'kufukula pang'ono ndi chala, n'kufunsa kumene kunapita udzu umene unali pamizu. Anazale anayankha kuti anauchotsa wonse bwinobwino, ndipo ngakhale pamenepo mawu awo anali ndi kakunyada pang'ono.

Mayiyo anatseka maso. Anati kabelu sikatha kudzidyetsa kokha. Mizu yake imalumikizana ndi mizu ya udzu wokandawo n'kumayamwa kumeneko, ngati mwana kubere. Popanda udzuwo, ngakhale mutakaika m'dothi labwino chotani, kamafa ndi njala.

Panadutsa lole yaikulu mumsewu, ukonde wa chisakasa n'kugwedezeka. Anazale anayang'ana manja awo, zikhadabo zothyoka zija, zilonda za m'zala zimene ankazinyadira masiku onsewa. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali ukali umene unkasowa kolowera.

Anafunsa ngati mayiyo sangalembe kuti maluwa alipo. Anayankha kuti sangalembe zimene sanaone, ndipo anzake aja aona maenje omwewo. Chiletso chija chinali chodikira ulendo wa lero basi, ndipo lero lafika. Anazale anafunsanso: nanga atawabwezera? Maenje alipo, udzu ulipo, akudziwa pamene anachotsa kalikonse.

Mayi Chipewa anati sangalonjeze, mizu yavulala kwambiri, koma mwina tiwiri titatu tingagwirenso titaikidwa pafupi ndi udzuwo lero lomwe. Ndipo ngati kabelu kali m'nthaka, kamoyo, iye ali ndi poyambira kukapempha kuti adzaonenso. Anati athamangira kuofesi akayese kulankhula ndi akuluakulu.

"Koma fulumirani, mayi," anatero akuvala chipewa.

Anazale sanasankhe n'komwe. Anakoka wilibala yawo yakale ya tayala lolira, n'kulongamo machubu amene ankaonekako amoyo, keni ya madzi pamwamba, kakhasu m'mbali. Wowotcherera zitsulo anazimitsa makina ake osafunsa kanthu, n'kuwathandiza kukweza wilibalayo pamtunda wa msewu. Kuchoka apo anakankha okha, m'mbali mwa malata, thukuta likulowa m'maso, madzi akukhavukira pamapazi.

Geti linali lotseka, lokoloweka unyolo ndi loko. Mlonda, amene ankawadziwa bwino poti ankamupatsa madzi akumwa, anatuluka m'kanyumba kake akuyang'ana kumbali. Anati walamulidwa kuti asalowetse munthu aliyense wopanda chisoti ndi chilolezo. Anazale anamukumbutsa kuti Lamulungu analowa opanda chisoti. Mlondayo anati Lamulungu iye kunalibe.

Kudzera m'zitsulo za getilo ankaona zonse. Anyamata awiri ankazula zikhomo, wina akukulunga chingwe chofiira pamkono. Kapitawo anali chapatali ndi foni kukhutu, ndipo atawaona anakweza dzanja mwaulemu, n'kutembenuka. Mlongo wawo ankachokera kumbali ya ofesi, makiyi ali m'manja, akulunjika kwa katapila. Anamuitana ndi dzina la paubwana, limene panalibe wina aliyense pamalopo amene ankalidziwa. Anaima. Anabwera pang'onopang'ono mpaka pageti, koma sanafike poti angamugwire.

Anazale sanamukalipire. Anamuuza kuti akungofuna kanthawi kochepa, abwezere timbewuti m'maenje, iye anene kuti katapila wavuta, mafuta atha, chilichonse. Mlongoyo ankayang'ana wilibala, osati nkhope yawo.

"Unkadziwa?" anafunsa Anazale.

"Anandiuza kuti ndikuuzeni, achemwali. Sindinafunse."

"Sunafunse chifukwa sunkadziwa, kapena chifukwa unkadziwa?"

Mlongoyo anacheukira kumene kunali kapitawo, amene tsopano anali atachotsa foni kukhutu n'kumawayang'ana onse awiri.

"Ana aja ayamba kumene kudya kawiri patsiku," anatero motsitsa, ndipo anabwerera.

Anamuona akukwera, akukhala pampando, akuvala zotseka m'makutu. Injini inatsokomola, utsi wakuda n'kutuluka, geti n'kuyamba kunjenjemera m'manja mwawo. Chitsulo chija chinadzuka pang'ono, n'kutsikanso, n'kulowa pansi pa udzu. Udzuwo unanyamuka wonse pamodzi ndi mizu yake, n'kumapindika ngati mphasa, maenje aja akutsekeka limodzi ndi limodzi. Mlongo wawo ankaidziwa ntchito yake, sanasiye kanthu m'mbali.

Mlonda anawapempha mwaulemu kuti asunthe wilibala, chifukwa kumbuyo kwawo kunali kutaima lole ya simenti imene inkafuna kulowa.